Digiri Ndili Nayo, Nanga Ntchito Ili Kuti?

Ndikabwera kudzacheza nanu, pali funso limene silisowa: "Achemwali, ine ndikufuna kudzaphunzira za umoyo. Kodi ntchito zake zimapezeka?" Ena mwa inu muli Fomu 4 ndipo mukusankha maphunziro. Ena muli ku koleji. Enanso munamaliza kale, pepala lili m'sutikesi, inu muli pakhomo. Phunziro la mwezi uno ndi la nonsenu, ndipo ndikufotokozerani zimene zinandichitikira ineyo.

Atsogoleri a kalabu: phunziroli litenga pafupifupi ola limodzi ndi theka. Mmodzi awerenge mokweza, ena amvetsere, kenako muchite sewero ndi kukambirana mafunso amene ali kumapeto.

Tsiku limene ndinasanduka "adokotala"

Ndinamaliza maphunziro mu 2022. Digiri yanga ndi ya sayansi ya zaumoyo, ija yosalunjika pa ntchito imodzi. Tinaphunzira za thupi la munthu, tizilombo toyambitsa matenda, kadyedwe, ukhondo, mmene miliri imafalikira, masamu a ziwerengero ndiponso kayendetsedwe ka ntchito zachipatala. Chilichonse tinalawako, kwa zaka zinayi. Mayi anga anatha khola lonse la mbuzi kuti ndifike pamenepo.

Nditabwerera kwathu ku Mulanje, mudzi wonse unkanditchula kuti adokotala. Tsiku lachitatu m'mamawa agogo ena anafika pakhomo, nakhala pamphasa n'kutambasula mwendo wotupa.

"Adokotala, tationerani mwendowu."

Ndinagwada n'kuwauza kuti, "Agogo, ine sindiloledwa kupima odwala kapena kulemba mankhwala. Tiyeni ndikuperekezeni kuchipatala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Nanga mwana wanga, zaka zinayi zonse zija mumaphunzira chiyani?"

Ndinasowa choyankha. Ndipo dziwani kuti funso la agogowa ndi lomwelo limene olemba ntchito amafunsa, kungoti iwo amalifunsa m'Chingerezi. Ngati simungathe kuliyankha, ntchito ivuta. Phunziro lonseli lagona pamenepa.

Digiri ndi chilolezo ndi zinthu ziwiri

Ntchito zambiri za m'chipatala zili ndi mabungwe amene amapereka chilolezo. Madokotala, ma clinical officer, ma medical assistant ndi ogwira ntchito m'labotale amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Anamwino ndi azamba amalembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo amayamba alemba mayeso a bungweli. Oona za mankhwala amalembetsa ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Munthu amene waphunzira unamwino amatuluka pasukulu dzina la ntchito yake akulidziwa kale. Ine ndinatuluka ndi nzeru zambiri koma wopanda dzina la ntchito.

Izi sindinazimvetse msanga. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ndinkangotumiza makalata paliponse pamene ndaona mawu okhudza umoyo. Ndalama zinkathera ku fotokope, maenvulopu ndi mabando a intaneti. Nditakhala pansi n'kuwerenganso zolengeza zija, ndinapeza kuti zambiri zinkafuna munthu wolembetsedwa ku Council. Makalata angawo sankafika n'komwe patebulo la bwana. Ankathera m'manja mwa wosankhula.

Choncho inu amene simunasankhe maphunziro, chitani zinthu ziwiri musanalipire fizi. Choyamba, fufuzani ku National Council for Higher Education ngati sukuluyo ndiponso maphunzirowo ndi ovomerezeka. Chachiwiri, funsani kuti, "Ndikamaliza, ndidzalembetsa ku bungwe liti, ndipo ntchito yanga idzatchedwa chiyani?" Paja safunsa anadya phula. Ngati mtima wanu uli pogwira odwala ndi manja, sankhani maphunziro opereka chilolezo. Dipuloma ya unamwino ikufikitsani pabedi la wodwala msanga kuposa digiri ngati yangayi.

Nanga ife amene tili nayo kale? Musataye mtima. Digiriyi si yachabe. Chipatala sichiyenda ndi jakisoni yekha.

Kumene ntchito zathu zimapezeka

1. M'boma. Ntchito zaumoyo za boma zimalengezedwa kudzera ku Health Service Commission, ndipo za m'makhonsolo zimadzera ku Local Government Service Commission. Malo amatuluka mwa apo ndi apo, ofuna amakhala khwimbi. Mu 2018 boma linayambitsanso ndondomeko yotumiza omaliza maphunziro kukaphunzira ntchito m'maofesi ake. Pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu mukafunse ngati akulemba mayina.

2. M'zipatala za mipingo, zimene zili pansi pa CHAM. Zambiri zili kumidzi, kumene anzathu okonda tauni safunako.

3. M'mabungwe a kafukufuku. Ku Blantyre kuli Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ndi Johns Hopkins Research Project, ku Lilongwe kuli UNC Project, ndipo MEIRU imagwira ntchito ku Karonga ndi ku Lilongwe. Palinso Kamuzu University of Health Sciences, imene inayamba kuima payokha mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Kafukufuku amafuna anthu oyenda m'midzi, ofunsa mafunso, ofotokozera anthu asanavomere kulowa nawo, ndi osamala zolembedwa.

4. M'mabungwe othandiza pa zaumoyo, monga Lighthouse, Partners in Hope, Baylor, kapena Partners In Health ku Neno. Kumeneku amafuna olondoloza odwala amene asiya kubwera, ophunzitsa m'midzi, ndi owerengera ngati ntchito ikuyenda.

5. M'makampani. Maesiteti a tiyi ndi nzimbe, mafakitale ndi makampani omanga misewu amalemba anthu oona za chitetezo ndi umoyo wa antchito. Ambirife kumeneku sitiyang'anako n'komwe.

Sindikunena kuti malo onsewa ali ndi ntchito lero. Ndikungokuonetsani makomo oti muzigogoda. Onaninso kuti pa ntchito zonsezi palibe yolembedwa kuti "wa digiri ya sayansi ya zaumoyo". Iliyonse ili ndi dzina lakelake ndi luso lake. Udindo wanu ndi kusankha imodzi kapena ziwiri n'kuzikonzekera.

Mmene kolera inandipatsira dzina la ntchito

Mukukumbukira mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022, n'kufalikira dziko lonse. Pofika pakati pa 2023 unali utapha anthu oposa 1,700. Mu Januwale 2023, zinthu zitafika poipa, ndinatopa ndi kukhala pakhonde. Ndinapita pachipatala chaching'ono cha kwathu n'kupempha kuonana ndi mkulu woona zaukhondo, bambo wina wachikulire amene ankayang'anira alangizi a zaumoyo.

"Bambo, ndabwera kudzathandiza. Malipiro sindikufunsa."

"Mumatha chiyani?"

Funso la agogo lija labweranso! Koma ulendo uno ndinayesa. Ndinati, "Ndimatha kulemba bwino, kuwerengera, ndi kufotokozera anthu za matenda."

Anandipatsa kaundula wa odwala kolera. Anali wosokonekera chifukwa anamwino analibe mpata, manja awo anali pa madiripi usana ndi usiku. Ndinayamba kulemba mwadongosolo: dzina, zaka, mudzi, tsiku limene wayamba kutsekula, ndi kumene amatunga madzi. Patatha masabata awiri ndinaona kuti odwala ambiri ankachokera m'midzi itatu yotunga pamtsinje umodzi, chifukwa mjigo wawo unali utawonongeka. Ndinajambula mapu papepala la katoni n'kuwaonetsa bambo aja. Mawa lake alangizi anayambira midzi imeneyo kugawa klorini khomo ndi khomo, ndipo mfumu inaitanitsa msonkhano wokonza mjigo.

Tsiku limenelo ndinapeza yankho la agogo. Namwino amaona wodwala mmodzimmodzi. Ine ndinaphunzira kuona mudzi wonse. Ntchito yanga ndi kusonkhanitsa ziwerengero, kuzisanthula, n'kuuza anzanga kumene vuto likuchokera.

Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy atawononga kwathu kuno, ndinali m'gulu lolemba anthu m'misasa: amayi oyembekezera angati, ana osakwana zaka zisanu angati, amene mankhwala awo a tsiku ndi tsiku anapita ndi madzi angati. Nditatha miyezi isanu, ndinawapempha bambo aja kalata ya umboni ndipo anandilembera, mkulu wa chipatala n'kudinda chidindo. Kalata imeneyo inandipezetsa ganyu wa masabata atatu wofunsa mafunso m'midzi ndi tabuleti. Ganyuyo anabala wina. Mu 2024 ndinasayina kontirakiti yanga yoyamba, yosamala ziwerengero pa pulojekiti ina ya HIV.

Koma ndisakunamizeni. Kugwira ntchito yongodzipereka n'kowawa. Sopo ndinkagula ndi ndalama ya zitumbuwa zimene ndinkakazinga m'bandakucha. Ngati mwasankha njira imeneyi, gwirizanani poyamba kuti mukhala miyezi ingati, muzichita chiyani, ndipo adzakulemberani kalata. Sankhani malo oyenda pansi kuchokera kwanu. Ndipo musalole kupatsidwa ntchito imene mulibe chilolezo chake, ngakhale anthu achepe bwanji. Mukalakwitsa jakisoni, mlandu ndi wanu.

Luso limene anandifunsa

Pa maintaviyu onse amene ndalowa, palibe anandifunsa kuti ndinakhoza bwanji chaka chachitatu. Ankafunsa izi:

• Kodi mumatha Excel? Osati kungotsegula, koma kusanja, kuwerengera ndi kujambula tchati.
• Kodi munagwiritsapo ntchito KoboToolbox kapena ODK? Awa ndi mapulogalamu ofunsira mafunso pafoni kapena patabuleti. Mukhoza kudziphunzitsa nokha pafoni yanu.
• Kodi DHIS2 mumaidziwa? Imeneyi ndiyo imene Unduna wa Zaumoyo umasungiramo malipoti a zipatala. Pemphani kalaliki wa ziwerengero pachipatala chanu akuonetseni mafomu a pamwezi ndi kumene amapita.
• Kodi muli ndi satifiketi ya Good Clinical Practice? A kafukufuku amaifuna kwambiri. Imaphunzitsa za ufulu wa anthu olowa m'kafukufuku ndi kusunga chinsinsi chawo. The Global Health Network imaphunzitsa zimenezi kwaulere pa intaneti.
• Kodi mumayankhula zilankhulo ziti? Chiyao, Chitumbuka, Chisena, Chilomwe, Chitonga kapena Chinkhonde ndi chuma. Musachite nazo manyazi, zilembeni pa CV.
• Kodi mungakhale kumudzi? Nanga njinga yamoto mumakwera, laisensi muli nayo?

Simungaphunzire zonse mwezi umodzi. Tengani chimodzi, muchidziwe bwino, kenako china. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kalata ndi CV

CV yanga yoyamba inkati ndine wolimbikira, wokhulupirika, wokonda kugwira ntchito ndi anzanga. Aliyense amalemba zomwezo, ndi waulesi yemwe. CV yachiwiri inkati: ndinasamala kaundula wa odwala kolera kwa miyezi itatu, ndinapeza midzi imene matenda ankachokera, ndinkalemba lipoti la sabata iliyonse. Mwaona kusiyana kwake? Yoyamba ikulonjeza, yachiwiri ikuonetsa.

Inu a m'makalabu muli ndi zambiri zolemba kuposa mmene mukuganizira. Ngati munakhalapo mlembi, msungichuma, kapena munatsogolera zokambirana pasukulu, lembani kuti zinali liti, kangati, ndi anthu angati. Koma musaname. Dziko lathu ndi laling'ono, foni imodzi yokha bodza laululika.

CV isapitirire masamba awiri. Kalata iliyonse ilembedwe moyankha zimene alengeza, osati imodzi yomweyo kungosintha adiresi. Imelo yanu ikhale ya dzina lanu lenileni, osati dzina lapabwalo la mpira. Amene mwawalemba kuti akuchitireni umboni muyambe mwawapempha. Ndipo ma satifiketi enieni musasiyire munthu, perekani mafotokope.

Misampha itatu

Nthawi ya ulova ndi yoopsa, chifukwa munthu wanjala sasankha. Akamberembere amadziwa zimenezi.

Msampha woyamba ndi wa ndalama. Mnzanga wina analandira foni kuti dzina lake latuluka, koma atumize K50,000 "ya mafomu ndi yunifolomu". Anakongola n'kutumiza. Nambala ija sinapezekenso. Ntchito yeniyeni siigulidwa. Wina akakupemphani ndalama, ndi wakuba kapena ndi wakatangale. Kaneneni kupolisi kapena ku Anti-Corruption Bureau.

Msampha wachiwiri ndi wa thupi. Uwu unandipeza ineyo. Nditalowa intaviyu pamalo ena, madzulo ake mmodzi mwa ofunsa aja anandiimbira. Anati ndayankha bwino koma mpikisano ndi waukulu, ndiye tikumane pa loji ina kuti "tikambirane bwinobwino". Anzanga, ndinali nditakhala chaka chathunthu osagwira ntchito, mng'ono wanga atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Sindikubisirani, ndinaganizira usiku wonse. M'mawa ndinawafotokozera mayi. Anangoti, "Mbuzi zanga sindinagulitsire zimenezo." Sindinapite, ndipo ntchitoyo sindinaipeze. Zinandiwawa, koma taganizani: munthu wotere sayamba ndi inu ndipo sathera pa inu. Pamalo otero mulibe mphamvu yonena za kondomu. Mukhoza kubwerako ndi HIV, matenda ena opatsirana pogonana kapena mimba, ntchitoyo osaipezanso. Mukaipeza, adzakhala akukulipiritsani mwezi ndi mwezi. Anyamata, musaganize kuti izi ndi za atsikana okha.

Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa khalidwe limeneli, ndipo wolakwa akhoza kumangidwa. Sungani mauthenga a pafoni ngati umboni. Cholakwa changa chinali chakuti ndinafufuta zonse chifukwa cha mkwiyo, ndiye ndinalibe chokaonetsa. Ngati zakuchitikirani kale, kaya mwakakamizidwa kaya munavomera chifukwa chosowa pogwira, thamangirani kuchipatala pasanathe maola 72 kuti mukalandire PEP, mankhwala oteteza kuti kachilombo kasakhazikike m'thupi. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yothandiza pa nkhani zotere.

Msampha wachitatu ndi mantha. Anzathu ena amene ali ndi HIV safunsira ntchito poopa kuti akawayeza magazi. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa olemba ntchito kukakamiza munthu kuyezetsa HIV kuti alembedwe. Imwani mankhwala anu mwandondomeko, lembani kalata yanu ngati wina aliyense.

Ntchito ikatha mwadzidzidzi

Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lopita kumayiko ena, ndipo pofika Julayi chaka chomwecho bungwe la USAID linali litatsekedwa. Ntchito zambiri za HIV kuno kwathu zinkadalira ndalama zimenezo. Anthu ambiri anauzidwa kuti akhale kunyumba, ine ndinali mmodzi wa iwo. Ndinabwerera pakhonde lomwe lija.

Koma ulendo uno sindinali munthu wa 2022 uja. Ndinali ndi dzina la ntchito, makalata atatu a umboni, ndi anthu ondidziwa. Apa m'pamene ndinaona ubwino wa digiri yosalunjika pa chinthu chimodzi. Kaundula ndi kaundula basi, kaya ndi wa kolera, wa HIV, wa malungo kapena wa ana onyentchera. Patapita miyezi isanu ndi iwiri, mayi wina amene tinagwira limodzi m'misasa ya Freddy ananditumizira uthenga wa malo amene analengezedwa pa kafukufuku wa kadyedwe ka ana. Ndinafunsira, ndinalowa intaviyu, ndipo ndi kumene ndikugwira. Kontirakiti yake ndi ya chaka chimodzi. Geni ya zitumbuwa sindinasiye, mng'ono wanga ndiye akuyendetsa.

Tengaponi zinthu zitatu. Musamangirire luso lanu lonse pa nthenda imodzi kapena wopereka thandizo mmodzi. Mukalandira malipiro, sungani kangachepe, kaya ku banki m'khonde. Ndipo musakangane ndi anthu amene mwagwira nawo ntchito, chifukwa ambiri a ife timamva za malo kudzera mwa anzathu.

Agogo aja adakali moyo, mwendo unapola. Amanditchulabe adokotala. Ndinayesa kuwafotokozera kuti ine ndimawerenga matenda a mudzi wonse. Anati, "Ndiye kuti ndinu adokotala a mudzi." Ndinangowasiya.

Sewero

Sankhani anthu anayi. Atatu akhale ofunsa, mmodzi wofuna ntchito. Ofunsa afunse mafunso awa: Tiuzeni za inu. Mumatha chiyani? Tipatseni chitsanzo cha vuto limene munalithetsa. Yankho lililonse lisapitirire mphindi ziwiri. Ena onse amvetsere, kenako anene pamene mnzawoyo walonjeza chabe ndi pamene waonetsa umboni. Sinthanani mpaka aliyense ayeseko.

Kenako anthu awiri achite sewero la foni ija ya madzulo. Gulu lithandize kupeza mawu okanira, ndiponso munthu woyamba kumuuza.

Mafunso okambirana

1. Kodi digiri ndi chilolezo zikusiyana bwanji? Tchulani ntchito zitatu zaumoyo zofuna chilolezo ndi zitatu zosagwira odwala.
2. Agogo aja atakufunsani inuyo kuti mumatha chiyani, mungayankhe bwanji m'mawu ochepa?
3. Kodi kugwira ntchito yongodzipereka n'kothandiza nthawi zonse? Ndi liti pamene kumasanduka kudyeredwa masuku pamutu?
4. Mnzanu wakuuzani kuti bwana wina wamuitanira ku loji, ndipo kwawo kulibe chakudya. Mungamuthandize bwanji popanda kumuweruza?
5. Ndi zinthu ziti zimene mwachita m'kalabu muno zoti zikhoza kulowa pa CV?

Ntchito ya mwezi uno

Aliyense alembe CV ya tsamba limodzi n'kubwera nayo pamsonkhano wotsatira kuti anzake amukonzere. Kalabu itume anthu awiri kwa mkulu wa chipatala chapafupi kapena kwa mlangizi wa zaumoyo, akamupemphe kuti adzakufotokozereni ntchito zosiyanasiyana zimene zimagwiridwa pachipatalapo ndi maphunziro ake. Musankhenso munthu mmodzi woti sabata iliyonse aziona zolengeza ntchito m'nyuzipepala ndi pabolodi la kwa DC, n'kumauza gulu lonse. Mutu umodzi susenza denga.

Tikumane mwezi wamawa, ma CV ali m'manja.